Makalata a Omvera: Kodi nkhupakupa ingawononge kapamba?

Moni nonse amene mwatchera khutu madzulo ano. Zimene tinakambirana sabata yatha za nkhupakupa zadzutsa mafunso ambiri, ndipo angapo akumana pa chiwalo chimodzi, kapamba, uja wa kuseri kwa chifu amene amatulutsa madzi ogaya chakudya. Tiyambe ndi kalata yochokera kutali, kwa mayi amene amasamalira okalamba ku Inverness, ku Scotland.

"Achimwene, mu Julaye tinapita kokayenda kutchire ndi anzanga a kumpingo. Patapita masiku, pantchafu panatuluka chiwengo chofiira chozungulira, chomangokulirakulira koma osayabwa. Adokotala anati ndi matenda a Lyme, n'kundipatsa doxycycline wa masabata atatu. Ndili pafupi kumaliza, munayamba kupweteka pansi pa chifuwa, ululu wake kutulukira kumsana, kusanza osaleka. Anandigoneka m'chipatala, akuti kapamba watupa. Mowa sindilawa n'komwe. Anzanga pa WhatsApp akuti tizilombo ta Lyme tadya kapamba wanga ndipo shuga ndiye basi ndili naye. N'zoona?"

Pepani achemwali, ululu umenewo amene anaumvapo saufunira mnzake. Anzanuwo afulumira kuweruza. Matenda a Lyme, amene amabwera ndi nkhupakupa, ndi odziwika bwino: anatenga dzina ku tauni ya Lyme ku Connecticut, ku America, kumene mu 1975 ana ambiri anapezeka akutupa mawondo, ndipo mu 1982 Willy Burgdorfer analengeza za bakiteriya amene amawayambitsa. Dera la mapiri la Scotland limene mukukhalalo ndi limodzi mwa madera amene matendawa amapezeka kwambiri ku Britain. Kumene kachilomboka kamakonda kupita n'kodziwikanso: pakhungu, molumikizira mafupa, m'mitsempha mpaka nkhope kugwa mbali imodzi, nthawi zina kumtima. Kapamba sali pamndandanda umenewu, ndipo palibe umboni woti Lyme amayambitsa shuga.

Ine ndikanayang'ana kwina. Choyamba, miyala ya mu ndulu. Iyi pamodzi ndi mowa ndiyo imatsogola pa zotupitsa kapamba, ndipo imakonda amayi, ngakhale osamwa. Kamwala kakatseka kanjira kamene ndulu ndi kapamba zimatsanulira m'matumbo, madzi ogaya chakudya amabwerera n'kuyamba kugaya kapamba yemweyo. Kodi anakujambulani ndulu? Anayeza mafuta a m'magazi? Ngati ayi, kafunseni. Chachiwiri, mankhwalawo. Doxycycline ndi abale ake a tetracycline amatha kutupitsa kapamba, ngakhale mwa apo ndi apo kwambiri. Ngati adokotala anu akukayikira zimenezo, zilembedwe m'faelo yanu kuti tsiku lina adzakusankhireni ena. Shuga mukayezetse ndithu, chifukwa kapamba ndiye amapanga insulini, imene imatsitsa shuga m'magazi, ndipo kutupa kwake, kaya kwabwera ndi chiyani, kumatha kusiya vutolo pambuyo.

Inu ena amene muli pa doxycycline panopa, musanene kuti wailesi yati tisiye. Sindinatero.

Kalata yachiwiri yachokera ku Pretoria, kwa mnyamata wogwira ntchito ya m'gadeni.

"Akulu, galu wa abwana anga anafooka, nkhama zinayera, mkodzo kufiira. Kuchipatala cha ziweto anati ndi biliary, matenda a nkhupakupa, ndipo kapamba wake anatupa. Anafa. Amene ndinkamusambitsa ndi kumuthothola nkhupakupa ndi ine, ndipo ina inandiluma kuseri kwa bondo. Kodi nditsatira galuyo?"

Ayi mphwanga, khazika mtima pansi. Koma wakhudza pamene nkhani ya nkhupakupa ndi kapamba ili ndi maziko enieni, ndipo ndi pa agalu. Biliary ya ku South Africa imayamba ndi kachilombo kotchedwa Babesia rossi, kamene kamalowa m'maselo ofiira a magazi n'kumawaphwanya monga amachitira malungo. Magazi akachepa ndi kuyenda mofooka, ziwalo zam'kati zimasowa mpweya, kapamba n'kutupa. Madokotala a ziweto a ku South Africa analemba za vutoli mu 2000, ndipo sukulu yawo yaikulu ya Onderstepoort ili pafupi ndi kumene ukukhalako. Kachilombo ka galuko sikadziwika kuti kamagwira munthu.

Chimene iwe uyenera kuyang'anira ndi china, malungo a nkhupakupa amene kumeneko amangoti tick bite fever. Pamene yakulumapo pamachita kachilonda ka nkhanambo yakuda pakati, kofiira m'mbali, ngati paotchedwa ndi ndudu. Pakatha pafupifupi sabata, mutu umawawa kwambiri, thupi kutentha, mwanabere kutupa m'mphechepeche kapena m'khwapa. Tizilombo take ndi ta mtundu wa Rickettsia. Rickettsia africae, wobwera ndi nkhupakupa zamawangamawanga za ng'ombe, ndi wofala ku South Africa ndi ku Zimbabwe ndipo kawirikawiri sakhala woopsa. Rickettsia conorii, amene amayenda ndi nkhupakupa za agalu, amatha kukula mphamvu. Tizilombo timeneti timawononga mkati mwa timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, ndipo timitsemphati tili paliponse, m'kapamba momwe. N'chifukwa chake odwala ena amene matendawa anawafika poipa, makamaka a mtundu woopsa wa ku America wotchedwa Rocky Mountain spotted fever, anapezeka ndi kapamba wotupa. Ndi ochepa, ndipo ndi anthu odwala kwambiri, osati munthu amene akuyenda n'kumathirira maluwa.

Choncho ukaona kachilonda kakudako ndi kutentha thupi, pita kukiliniki ukanene mawu akuti nkhupakupa. Ndipo leka kuziphwanya ndi zikhadabo. Gwira ndi kopanira kakang'ono pafupi ndi khungu, koka mowongoka pang'onopang'ono, tsuka ndi sopo. Parafini, Vaseline ndi machesi zisiye.

Tsopano tibwerere kumudzi. Kalata iyi ndaiwerenga kawiri ndisanalowe muno. Yachokera kwa mayi wa ku Dowa.

"Bambo a pa wailesi, amuna anga anapopera ng'ombe mankhwala a nkhupakupa, atavundula ndi dzanja m'ndowa, malaya atavula chifukwa cha dzuwa. Usiku thukuta linali kamukamu, malovu kuchucha, kusanza, m'mimba kupotokola. Tinawatengera kuchipatala pa ngolo ndipo anachira, koma anatiuza kuti kapamba anatupa. Chichokereni kumeneko ululu umabwerabwera, akuwonda, chimbudzi chawo n'chamafuta ndiponso chonunkha kwambiri. Apongozi anga akuti ndi nkhupakupa za m'khola zimene zimawaluma. Ndisabise, kachasu amamwa kuyambira kale."

Mayi, zikomo chifukwa chosabisa, pakuti chiganizo chomalizacho ndicho chandithandiza kwambiri. Apongozi anu ndiwapatse ulemu wawo, koma pano nkhupakupa ikusenza mlandu wa ena awiri.

Usiku ujawo unali poizoni wa dibi. Thukuta, malovu ndi kusanza ndi zizindikiro za mankhwala a gulu la organophosphate, amene amalowa ngakhale pakhungu, makamaka lonyowa ndi thukuta, ndipo amadziwika bwino kuti amatupitsa kapamba. Dibi wina, wa amitraz, amachita mosiyana: munthu amangoti lefu ndi tulo, mtima kugunda pang'onopang'ono, shuga n'kukwera chifukwa mankhwalawo amaletsa kapamba kutulutsa insulini. Mankhwala ochizira poizoni ziwirizi si amodzi. N'chifukwa chake wina akadwala atapopera, muvuleni zovalazo, musambitseni ndi sopo, ndipo botolo lipite naye kuchipatala. Mkaka sutsuka poizoni, ndipo musamusanzitse. Dibi sitingamusiye, alimi a m'chigawo chapakati mukudziwa mmene East Coast fever, nthenda yobwera ndi nkhupakupa, imapululira ana a ng'ombe. Koma ndodo yovundulira, magolovesi ndi malaya a manja aatali n'zotsika mtengo kuposa ulendo wa pa ngolo uja.

Zimene zikuchitika panopa ndi nkhani ina. Ululu wobwerabwera, kuwonda ndi chimbudzi chamafuta zikuloza kapamba amene wakhala akuwonongeka kwa zaka, moti sakutulutsanso madzi okwanira ogaya mafuta. Chimene chimatsogola kuchita zimenezi ndi mowa wa nthawi yaitali, fodya akuthandizira. Abwerere kuchipatala cha boma akanene zonse, akapemphe kujambulidwa m'mimba ndi kuyezedwa shuga, chifukwa kuwonda kuli ndi zifukwa zina zimene ayenera kuzifufuzanso. Kachasuyo asiyiretu, osati kuchepetsa. Ngati mawu anu sakumveka, pemphani ankhoswe kapena achimwene awo apite nawo, akamve okha kwa adokotala.

Nthawi yatsala pang'ono, koma uthenga uwu wa agogo a ku Nkhotakota sindiusiya. Akuti: "Kale m'nyumba zadothi munali nkhufi. Zikaluma mwana ankatentha thupi, kuchira, kudwalanso, kapamba n'kutupa kumanzere. Si zomwezo?"

Agogo, mwakumbukira zenizeni, koma kapamba wanuyo ndi winayo. Dzinali timatchulira ziwalo ziwiri. Amene takhala tikukamba ali kuseri kwa chifu ndipo amagaya chakudya. Amene amatupa pansi pa nthiti zakumanzere amasefa magazi, ndi yemwe amakulanso ndi malungo. Nkhufi, mtundu wina wa nkhupakupa, zimabisala m'ming'alu ya zipupa ndi pansi, zimaluma usiku n'kubwerera, ndipo zimapatsira kachilombo kotchedwa Borrelia duttonii, m'bale wake wa ka Lyme kaja. Dzinalo ndi la Joseph Dutton, dokotala wa ku Britain amene anamwalira ku Congo mu 1905 akufufuza matenda omwewa. Mpaka lero akadalipo, makamaka m'midzi ya pakati pa Tanzania cha ku Dodoma, ndipo ndi oopsa kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Kachipangizo koyezera malungo mwachangu kaja sikawaona. Mdzukulu akamatentha thupi mobwerezabwereza koma malungo osapezeka, pemphani kuti magazi awaone pa maikulosikopu tsiku limene thupi latenthalo, chifukwa ndi pamene tizilomboti timaoneka. Ming'alu ya m'nyumba muimate, muzire pansi.

Makalata a nthenda ya chiwewe amene afika mochedwa tiwawerenga sabata yamawa.