Makalata anu: “Ine mmisiri wathunthu, akuti ndiyesedwenso?”

Takulandirani nonse, a kumudzi ndi inu amene mukutimvera pa intaneti muli kunja. Sabata ino amisiri owotcherera mwalemba mochita kupangana, ndiye tisachedwe.

Mayi a ku Bangwe akuti mwana wawo akabwera kushopu amagona akulira maso ngati muli mchenga. Mayi, nkuwala kwa moto wowotcherera kumeneko. Magalasi a dzuwa a mumsika sateteza. Agule chipewa chenicheni chowotcherera, ndipo maso akapitirira kuwawa apite kuchipatala.

Mnyamata wa ku Mzuzu akufunsa za munthu wa pa Facebook amene akuti amutumizire ndalama pafoni kuti amupezere ntchito ku Canada. Usatumize, mphwanga.

Tsono nayi kalata imene yandikhalitsa pansi. Yachokera ku Edmonton, m'chigawo cha Alberta ku Canada. Bambowa akuti: “Ndinaphunzira kuwotcherera kukoleji ya ntchito zamanja kwathu, ndinakhoza giredi 1, ndagwira ntchito ya mapaipi ku Joni zaka zambiri ndipo ndili ndi satifiketi yaumisiri ya kumeneko, ya Red Seal. Kuno akungondipatsa gulainda kuti ndiziyeretsa zimene awotcherera ana ang'onoang'ono. Akuti paipi ya nthunzi ndisaikhudze mpaka nditapeza B pressure. Kodi si tsankho limeneli? Komanso mabwana anga ena akale sindidziwa kumene ali.”

Achimwene, ndakumvani, ndipo zimawawa. Munthu wa imvi kumatumidwa ndi mwana amene mukanatha kumubereka si zophweka. Tsankho kunja liliko, sindikukana. Koma pa nkhani yokhayi ya B pressure, mayeso a owotcherera maboyila ndi mapaipi a nthunzi, ndikutsutsani pang'ono, musazimitse wailesi. Mayeso amenewa sanaikire alendo okha. Mwana wobadwira mu Edmonton momwemo, ngakhale bambo ake akhale mwini kampani, sawotcherera boyila asanawakhoze.

Chifukwa chake nchakuti geti likathyoka timangolimanga ndi waya, koma paipi ya nthunzi kapena ya gasi ikang'ambika kumakhala maliro. Mu 1905 boyila inaphulika pafakitale ya nsapato ku Brockton, ku America, ndipo anthu 58 anafa. Ngozi zoterezi nzimene zinachititsa bungwe la mainjiniya la ASME kulemba malamulo a maboyila mu 1914, ndipo lero gawo 9 la malamulowo ndi limene limanena za kayesedwe ka owotcherera. Ku Alberta amene amayang'anira zonsezi ndi bungwe la ABSA, ndipo likulu lawo lili mu Edmonton momwe mulimo. Inu mukudandaulira kuno kwathu, eni nkhani muli nawo pakhomo!

Njira yake ili ndi makwerero awiri, ndipo ambiri amafuna kudumpha loyamba. Ku Alberta kuwotcherera ndi ntchito imene lamulo limafuna kuti munthu akhale ndi satifiketi yaumisiri kapena akhale wophunzira wolembetsedwa. Red Seal yanu ya ku Joni ndi yolemekezeka, koma ndi dzina lokha limene likufanana ndi ya ku Canada. Si chinthu chimodzi. Choncho mupite ku ofesi ya boma la Alberta yoona za ntchito zamanja. Ali ndi njira ya anthu amene anaphunzira kunja: mumapereka umboni wa zaka ndi maola amene mwagwira, iwo amafufuza, akakhutira amakulolani kulemba mayeso. Mayeso olemba a Red Seal ya ku Canada ndi osankha yankho, ndipo kukhoza kwake ndi 70 pa 100. Apa mpamene amisiri a manja abwino amagwera, poti dzanja limadziwa koma buku analisiya kalekale. Werengani, bambo, ngakhale ana akusekeni.

Satifiketi imeneyo ikakhala m'manja ndiye mumapempha mayeso a B pressure. Amakupatsani paipi ya mainchesi 6, yochindikala, imene amaitcha schedule 80. Mbali ina mumawotcherera paipi itaimirira, mbali ina itagona osaitembenuza, moti pansi pake mumachita kugwada n'kuyang'ana kumwamba, moto ukugwera m'manja mwa malaya. Mzere woyamba wa mkati ndi rodi ya 6010, kudzaza ndi kutseka pamwamba ndi 7018. Mukamaliza sayamikira kukongola ayi. Amadula timizere pa paipiyo n'kutipinda pamakina, ndipo ngati munabisa kabowo kapena litsiro mkati, pompo pamatseguka, woyesa akuona. Ngati ku Joni munazolowera kuyamba ndi TIG, kuwotcherera kwa gasi kuja, rodi ya 6010 ikhoza kukuchititsani manyazi, choncho lipirani maola angapo pasukulu yoyeserera musanapite. Ndipo mukakhoza musati mwathana nazo: kadi yake imatha pa zaka 2, mumayesedwanso.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mzere womaliza, pamene mwati mabwana ena akale simudziwa kumene ali. Makalata angapo sabata ino akulira chimodzimodzi, wina wochokera ku Durban, wina ku Leeds: ntchito anagwira, umboni palibe. Amisiri anzanga, tili ndi matenda. Timagwira zaka pashopu, malipiro a m'manja, tsiku lochoka timachoka mokangana, kapepala osatenga. Ndiye mzungu wa mu ofesi ku Alberta akhulupirire chiyani, zipsera za m'manja? Pochoka paliponse pemphani kalata yonena tsiku loyamba, tsiku lomaliza, mtundu wa ntchito ndi nambala imene bwanayo angayankhe. Akale anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Inunso mabwana, kalata imakudyerani chiyani? Mnyamata wakupangirani mafelemu ndi mageti mpaka mwagula galimoto, lero kusaina pepala limodzi mukuti abwere mawa. Mulungu akukuonani, ndipo ine ndikukuonaninso.

Choncho achimwene a ku Edmonton, gulainda musaitaye kaye, ikulipira lendi. Yambani kusaka mabwana akalewo pa WhatsApp usiku uno, ngakhale amene munasiyana nawo moipa. Mudzatilembere mmene zayendera.

Bambo a ku Nchalo akufunsa ngati satifiketi ya CWB imene mlamu wawo ali nayo ndi B pressure yomweyo. Ayi, imeneyo ndi ya zitsulo za nyumba ndi milatho.

Yomaliza, mayi a ku Area 25 akuti amuna awo amakonza mageti a Lilongwe yense koma chitseko cha kukhitchini kwawo chikutsekedwa ndi mwala chaka chachiwiri tsopano. Bambo, ndikudziwa mukumvera. Loweruka lino, chonde.