Mng'alu umayambira m'kati

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Tisanatuluke m'nyumba tiwerenge 1 Samueli 16:7, pomwe Yehova akuuza Samueli kuti munthu amayang'ana zooneka ndi maso koma Iye amayang'ana mumtima.

Mu 1755, Jacques-Germain Soufflot, katswiri wojambula mapulani a nyumba wobadwira ku Irancy m'dziko la France mu 1713, adapatsidwa ntchito yomanga tchalitchi cha Sainte-Geneviève ku Paris, chomwe lero chimatchedwa Panthéon. Pokumba maziko adapeza maenje akalekale omwe oumba mbiya ankatapamo dongo. Kuwakwirira kudadya nthawi, moti Mfumu Louis XV idadzaika mwala woyamba mu 1764.

Soufflot ankafuna tchalitchi chowala ndi chopepuka, ndiye denga lalikulu lozungulira adalikonzera nsanamira zinayi zowonda. Mu 1770 katswiri wina wa zomangamanga, Pierre Patte, adachenjeza kuti sizilimba. Ming'alu idabweradi, koma gwero lake lalikulu lidali m'manja mwa osema miyala. Pofuna kuti polumikizira miyala paoneke mzere woonda, wosalala, ankasema bwino m'mphepete mokha, m'kati n'kumakumba pang'ono. Mwala ankaukhazika pa timitengo tochirikizira, mpatawo n'kuthiramo matope a laimu. Matope akauma amafota. Kulemera konse, m'malo mogona pa mwala wonse, kudatsamira pa kam'mphepete kopyapyalako, ndipo miyala idayamba kubenthuka. Wodutsa ankangoona khoma lokongola, osadziwa kuti m'katimo mwala sukukhudza mnzake.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ifenso timadziwa kusalaza kunja: suti yosita Lamulungu, pemphero lalitali pagulu, moni womwetulira kwa mlamu yemwe sitinamukhululukire. Masiku amtendere zimaima ndithu. Koma maliro, ngongole kapena matenda zikatsamira, chimabenthuka ndi chomwecho chomwe tinkaonetsa anthu. M'mawa uno tchulani kwa Mulungu malo amodzi omwe muli mphako, kaya ndi mkwiyo, kaya ndi bodza laling'ono la kuntchito, ndipo mum'pemphe adzazemo.

Soufflot adamwalira mu 1780 denga lija asanalione. Jean-Baptiste Rondelet, yemwe adagwira naye ntchito, adali m'gulu la omaliza nyumbayo mu 1790, ndipo patapita zaka adabwereranso ku nsanamira zinayi zija kukazinenepetsa ndi miyala ina.