Mphaka akudya kwambiri koma akuwonda

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo. Amene muli padzuwa sendererani kuno kumthunzi.

Ambirife timaweta mphaka kuti makoswe asatithere chimanga, ngakhale usipa wa pathandala nayenso amaba. Ndiye tamverani. Mphaka akakula, makamaka akapitirira zaka 10, mumaona akudya ngati sanadye sabata yonse, koma nthiti zikuwerengeka. Amamwa madzi pafupipafupi, ubweya umanyankhalala, usiku kulira osagona. Timathamangira kunena kuti ndi njoka za m'mimba, ena mpaka kuloza aneba kuti amulodza. Nthawi zambiri vuto limakhala la mahomoni, timadzi ta m'thupi tomwe timayendetsa ntchito za ziwalo.

Pakhosi pa mphaka pali chithokomiro, ngati cha munthu. Chikatupa chimatulutsa mahomoni ochuluka, thupi n'kumatentha chakudya mofulumira, mtima n'kumagunda mothamanga. Dokotala wa ziweto amapapasa pakhosi ndi zala, kenako amatenga magazi kukayeza homoni yotchedwa T4. Amayezanso impso, chifukwa matendawa amatha kubisa vuto la impso. Mankhwala ake ndi mapiritsi a carbimazole kapena methimazole, tsiku ndi tsiku, moyo wake wonse. Mukasiya, matenda amabwerera. Nthawi zina amachita opaleshoni.

Palinso shuga. Inde amayi, musaseke, mphaka amadwala shuga! Amakonda kugwira amphaka onenepa, makamaka aamuna. Pomwe wakodza pamasonkhana nyerere, ndipo matenda akakula amayenda chopondera zidendene za miyendo yakumbuyo, m'malo monyang'ama ndi zala monga mwa nthawi zonse. Mphaka akangochita mantha shuga m'magazi amakwera, n'chifukwa chake dokotala amayezanso mkodzo asanagamule. Chithandizo ndi jakisoni wa insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi, kawirikawiri kawiri patsiku, ndipo botolo lake limafuna furiji. Ndi kutentha kwa kuno kunyanja, funsani dokotala mmene mungalisungire magetsi akazima. Nsima muchepetse, mphaka ndi wa nyama, m'patseni nsomba yophika yopanda mchere. Ena akathandizidwa msanga amafika posiya jakisoni.

Matenda awiriwa amafanana pamaso, choncho osagula mankhwala mwachisawawa. Yambani mwaonana ndi alangizi a ziweto, iwo akuuzani koyezetsa magazi. Ndipo chonde, Panado musampatse mphaka ngakhale kachidutswa, amamupha.

Bambo kumbuyoko mwakweza dzanja, funsani.