Clarens: tauni ya m'mapiri kumene madzi a ku Joni amatulukira

[Chithunzi: madzi akutsika pampopi]

Madzi amene mwatunga pampopi m'mawa uno kuno ku Johannesburg, ena mwa iwo achokera ku damu la Katse ku Lesotho. Amayenda m'ngalande ya pansi pa mapiri n'kudzatulukira mumtsinje wa Ash pafupi ndi tauni ya Clarens ku South Africa, kenako ulendo wa ku damu la Vaal, lomwe limapereka madzi ku Johannesburg. Malo otulukirawo amati Ash River Outfall, ndipo ali chakumpoto kwa tauni, mbali ya ku tauni ya Bethlehem. Yambirani pamenepo, mukamve nokha mkokomo wake.

[Mapu]

Mtunda wochokera ku Johannesburg kukafika ku Clarens ndi makilomita pafupifupi 300. Tengani msewu wa N3, mulipira pa zipata za pamsewu za De Hoek ndi Wilge, mukhote pa Warden kulowera ku Bethlehem. Nyamukani mbandakucha, maola atatu ndi theka mwafika.

Tauniyi inakhazikitsidwa mu 1912, dzina linachokera ku Clarens wa ku Switzerland kumene Paul Kruger, pulezidenti wakale wa Maburu ku Transvaal, anamwalirira mu 1904. Polowa muona thanthwe lalikulu looneka ngati mphuno ya sitima yapamadzi, Titanic Rock. Pakati pa tauni pali bwalo lozunguliridwa ndi malo odyera ndi ogulitsa zojambula, ola limodzi lakwana.

[Chithunzi: Brandwag madzulo]

Chenicheni chili makilomita 20 chakum'mawa pamsewu wa R712, ku Golden Gate Highlands National Park. Kungodutsa pamsewu n'kwaulere, koma mukafuna kuyenda m'tinjira ta m'phiri mumalipira pa kampu ya alendo ya Glen Reenen. Apa abale mvetsetsani: tengani pasipoti yeniyeni. Malawi ali mu SADC, ndipo mtengo wa anthu a SADC ndi wotsika kuposa wa alendo akutali. Popanda umboni, akulipiritsani wokwerawo.

Kukwera thanthwe la Brandwag, lomwe lili m'pakiyi, ndi pafupifupi ola limodzi. Ambiri amalakwitsa nthawi. Amafika masana dzuwa lili paliwombo, miyala ikuoneka yotuwa, n'kubwerera akuti palibe chodabwitsa. Dikirani dzuwa lipendeke, matanthwe onse amayaka ngati golide.

Kumeneku n'kokwera mamita pafupifupi 1,800. M'Juni ndi Julayi madzi amaundana usiku, kuzizira kwa ku Dedza sikufikako, choncho jekete ndi chipewa musasiye. M'dzinja mvula ya ziphaliwali imakonda kugwa masana. Mitambo ikayamba kuda, tsikani msanga, pamwamba pa thanthwe palibe pobisala. Ife timakonda Epulo, mitengo ya popula ikasanduka yachikasu m'mbali mwa msewu.