Wodwala sitiroko akabwera kunyumba, musamamusiye chigonere

Zikomo amayi ndi abambo, amene muli kumbuyoko mukundimva eti? Chabwino. Ine ndine nesi, ndagwira ntchito mu wodi ya akuluakulu kwa zaka zambiri ndithu, ndiye lero tikambirane za munthu amene wadwala sitiroko, makamaka akatuluka m'chipatala n'kubwera m'manja mwanu.

Mwachidule kaye. Sitiroko imachitika mu ubongo, kaya mtsempha watsekeka ndi magazi oundana, zomwe zimachitikira odwala ambiri, kaya mtsemphawo waphulika. Gwero lake lalikulu ndi BP yokwera, ya 140/90 kupita m'mwamba, imene munthu sakuimwera mankhwala. Mukaona kamwa yapotoka, mkono umodzi walefuka, mawu akutuluka ngati munthu waledzera, osadikira kuti kuche ayi, thamangani naye kuchipatala. Osamupatsa aspirin, chifukwa ngati mtsempha waphulika ndiye kuti mukuwonjezera kukha magazi m'mutumo, ndipo mankhwala osungunula magazi oundana aja amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka basi chiyambireni zizindikirozo.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi ichi, munthu wapulumuka sitiroko bwinobwino, tamutulutsa, pakatha milungu ingapo akubwera naye ali ndi chilonda m'munsi mwa msana chakuya mpaka fupa kumaoneka. Abale ake samuda ayi, amamukonda kwambiri, kungoti palibe anawauza. Inu ndi ine tikagona timatembenuka tokha osadziwa n'komwe, koma wakufa ziwalo sangathe, ndiye pamene fupa likutsamira pa bedi magazi sayenda, khungu limayamba kufa. Malo ake ndi m'munsi mwa msana, m'chiuno m'mbalimu, zidendene, zigongono ndi kunkhongo. Mutembenuzeni maola 2 alionse, usiku womwe, gawanani mashifiti musasiyire munthu m'modzi, atopa. Ikani pilo pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zikhale m'malere, ina pakati pa mawondo akagona chammbali. Tsiku lililonse pomusambitsa yang'anani khungu. Pa khungu lakuda simuona kufiira kwenikweni, mumaona pamalo padera kuposa pena, patentha kapena paumirira, amenewo ndi mayambiriro. Osasisita pamenepo, mukuphwanya minofu yovulala kale, ingomuchotsani asagonerepo. Akadzikodzera musintheni msanga, chinyezi chimafewetsa khungu.

Chachiwiri ndi kadyetsedwe, ndipo apa mvetsetsani. Sitiroko imafooketsa kameredwe, ndiye chakudya kapena madzi amalowera kunjira ya mpweya n'kukafika m'mapapo, chibayo chimayambira pomwepo. Musamudyetse atagona, zivute zitani. Mukhazikeni tsonga, mupatseni pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, ameze kaye musanamupatse china, ndipo akamaliza akhalebe choncho mphindi 30. Akamatsokomola pomwa kapena mawu akumveka ngati pakhosi pali madzi, siyani mukauze adokotala. Ambiri amadabwa ndikanena kuti madzi ndi amene amatsamwitsa kwambiri kuposa chakudya chofewa cholimbako pang'ono, koma ndi zoona, madzi amathamanga asanakonzeke kumeza. Onaninso m'tsaya la mbali yofookayo, chakudya chimabisala m'menemo iye osamva, ndiye mutsukeni m'kamwa akatha kudya.

Mkono wofookawo osaukoka pomudzutsa chonde, phewa limagwejemuka chifukwa minofu siikugwira. Uyikeni pa pilo, ndipo muzimupinda ndi kumuwongola zala, chigongono ndi mawondo mofatsa tsiku ndi tsiku kuti zisaume. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, mwina magazi aundana m'mtsempha, osautikita, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Amayi apo afunsa kuti nanga sakuyankhula, akumva? Nthawi zambiri amamva mayi, mawu ndi amene akukanika kutuluka, ndiye muzimuyankhula ngati munthu wamkulu, mafunso a eya kapena ayi, n'kumudikira osamumalizira chiganizo. Mankhwala a BP aja asasiye ngakhale akuoneka kuti wachira, sitiroko imabweranso.

Tsopano anthu awiri abwere kutsogolo kuno, wina agone apa, ndikuonetseni katembenuzidwe kogwiritsa ntchito shiti kopanda kumukhwekhwereza komanso kopanda kudzithyola msana inu eni.