Mawu a m'mawa: Bwererani kugombe

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Agalatiya 6:9 mumaidziwa bwino: tisaleme pakuchita zabwino. Lero ndikukupemphani kuti mubwerere kumene munapitako kamodzi n'kuganiza kuti mwamaliza.

Medway Queen inali sitima yoyendera nthunzi, ya mawilo opalasa madzi m'mbali, yomangidwa ku Troon ku Scotland mu 1924. Ntchito yake inali kunyamula anthu opita kokasangalala kuchokera mumtsinje wa Medway kupita ku Southend ndi Herne Bay, m'mphepete mwa nyanja ya England. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka mu 1939, asilikali apamadzi a Britain anaitenga kuti izisesa mabomba otcheredwa m'madzi, ndipo mu 1940, asilikali atapanikizidwa pagombe la Dunkirk ku France, sitima yaing'onoyi inapita kukawatenga maulendo 7 n'kupulumutsa anthu pafupifupi 7,000.

Ulendo woyamba suvuta kwenikweni, chifukwa mtima umakhala udakali wotentha. Ovuta ndi wachinayi ndi wachisanu, pamene amalinyero sanagone, gombe analiona kale ndi mabomba ake, koma akutembenuzabe sitima kuti ilowere komweko. Sabata ino ndikudikirira mayi anga aang'ono m'chipatala, ndipo m'mawa uliwonse thupi limakana kudzuka kukaphika phala, mtima n'kumandiuza kuti dzulo ndinachita zokwanira. Pamabedi oyandikana nawo pali odwala amene abale awo anabwera tsiku loyamba lokha, atanyamula nthochi ndi mapemphero aatali, osaonekanso.

Sindikunyoza munthu, abale, chifukwa ndalama ya minibasi ndi yovuta ndipo kuntchito sakudikirira. Koma amene anatsala pagombe sathandizidwa ndi ulendo umene munapanga dzulo. Mayi wamasiye amene tinadzaza bwalo lake tsiku la maliro akadali pagombe, ndipo mnyamata amene tinamupempherera kuti asiye mowa akadali pomwepo. Bwererani.

Paulendo wake womaliza, Medway Queen inagundidwa ndi sitima ina n'kuwonongeka mbali imodzi, komabe inafika ku Dover pang'onopang'ono itadzaza asilikali a ku France. Nkhondo itatha inabwerera kunyamula anthu wamba mpaka mu 1963. Choncho musadikire kuti mukhale amphumphu musananyamuke. Pitani motsimphina momwemo, ndipo ngati njira yatalika, imbani foni dzuwa lisanalowe. Ambuye akupatseni mphamvu za ulendo wa lero. Ameni.