Kusandutsa ngolo yakale kukhala kanyumba koonera nyenyezi

Woulutsa: Omvera, lero tatenga ngolo ija yokoka pa galimoto, ena amati thirela, imene yakhala ikudyedwa ndi dzimbiri kuseri kwa nyumba. Tikufuna isanduke kanyumba ka telesikopu, koti usiku muzingokankha denga n'kuyamba kuona nyenyezi. Muno muli mayi odziwa za nyenyezi komanso bambo a ntchito yowotcherera ndi kumanga. Mayi, tiyambire pati?

Mayi: Tiyambire pamene ambiri amaphonya. Telesikopu isakhudze ngolo, olo pang'ono. Ntchito ya ngolo ndi kukhala khoma ndi denga basi. Telesikopu iime pa mzati wakewake wochokera m'nthaka, wodutsa pa bowo loboola pansi pa ngoloyo. Chifukwa chake n'ichi: telesikopu ikamakulitsa chinthu ka 150, imakulitsanso kugwedezeka ka 150. Ngolo ili ndi matayala ndi masipuling'i, ndiye munthu akangosuntha phazi, pulaneti ngati Jupiter imavina mpaka kuthawa m'galasi. Ngoloyonso ikhale yotakasuka, mkati mwake mamita 2 m'lifupi ndi 2 ndi theka m'litali, kuti telesikopu izizungulira osagunda khoma, inunso mupeze podutsa.

Woulutsa: Nanga malo oiimika?

Mayi: Musasankhe masana. Tulukani usiku, imani pamalopo, onani kumene kukuchokera kuwala kwa mababu a pa mpanda ndi kumene mitengo yatchinga. Talikirani khitchini, utsi umadetsa magalasi. Koma mbali yofunika kuisamala kwambiri ndi kumwera. Thambo lonse limaoneka ngati likuzungulira malo amodzi kumeneko, ndipo chitsulo choyendetsa telesikopu, mount ija yotsatira nyenyezi, chiyenera kuloza pamenepo ndendende. Kwathu kuno malowa ali pansi kwambiri: ku Lilongwe ndi madigiri 14 okha kuchokera pamene thambo lakumana ndi dziko, ku Blantyre pafupifupi 16, ku Mzuzu 11 ndi theka. Mtengo wa mango umodzi ungathe kubisa zonsezo.

Kupeza kumwera kwenikweni, kampasi musaikhulupirire pafupi ndi ngolo, chitsulo chimainamiza. Zikani ndodo yowongoka pamalo osalala, jambulani bwalo mozungulira ndodoyo ndi chingwe. M'mawa, nsonga ya mthunzi ikakhudza mzere wa bwalo, khomani chikhomo. Madzulo ikakhudzanso, khomani china. Mzere wolumikiza zikhomo ziwirizo ndi kuvuma ndi kuzambwe, wopingasa pamenepo ndiye kumpoto ndi kumwera.

Woulutsa: Bambo, mzati uja timanga bwanji pamene ngolo ili pamwamba?

Bambo: Pali ndondomeko yake, achimwene, ndipo mukaisokoneza mudzafuna anthu khumi onyamula ngolo. Choyamba imikani ngolo pamalo pake, lowani pansi muone pamene palibe ekiselo kapena chitsulo chachikulu cha chasisi. Zitsulo ziwiri zazitali za chasisi musadule. Ngati mwadula chopingasa, wotchererani felemu ya makona anayi kuzungulira bowolo kuti mphamvu ibwerere. Boolani bowo la masentimita 26, tsitsani chingwe chomangirira mwala pakati pake, ikani chizindikiro pansi, kenako kankhirani ngolo pambali.

Kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse, kuya 80. Ngati dothi ndi la makande, lija limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, pitirizani mpaka mita yathunthu, apo ayi mzati uzidzapendama nyengo ikasintha. Konkire yake ndi muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje, itatu ya miyala ya kwale. Matumba 3 a simenti a makilogalamu 50 akwana pa ntchito yonse, ngati dzenje mwalikuza onjezani limodzi. Thirani mpaka kulingana ndi nthaka, muimikemo zitsulo 4 zolimbitsa konkire za Y12, zija za mamilimita 12, zotulukira masentimita 30 okha, kuti ekiselo idutse pamwamba pake. Pakatha masiku 3, bwezerani ngolo, mangirirani zitsulo zina zazitali pa zija zatulukazi, tsitsani paipi ya pulasitiki ya mamilimita 200 kudzera pa bowo, muiwongole ndi levulo mbali ziwiri, n'kuthiramo konkire pang'onopang'ono mukusinja ndi ndodo kuti musatsale mphako za mpweya.

Mayi: Kutalika kwake kumadalira telesikopu. Ngati ndi yosuzumira kumbuyo, mzati ukwere masentimita 90 mpaka mita imodzi kuchokera pa thabwa lopondapo. Ngati ndi ya Newtonian, yosuzumira m'mbali chakumtunda, masentimita 50 kapena 60 akwana, kupanda kutero muzidzakwera pa mpando mumdima.

Bambo: Konkire isanaume, mizani mabawuti 3 a M12, aja a mamilimita 12, okhota kunsi, mutawamangirira pa kathabwa kuti asasunthe. Atatu, osati anayi, chifukwa miyendo itatu sigwedera. Pamenepo mudzakhazika chitsulo chophwatalala cha mamilimita 10, nati pansi nati pamwamba, kuti muzitha kuchilinganiza. Thirirani madzi masiku 7, ndipo telesikopu musaikepo mpaka masiku 28. Mpata wa masentimita 3 umene watsala pakati pa paipi ndi thabwa mutseke ndi siponji yofewa, yoletsa makoswe ndi njoka. Osaikapo simenti, osakhomapo thabwa. Mukatero ntchito yonse ija yapita pachabe.

Woulutsa: Ngolo yokhayo isiyidwe pa matayala?

Bambo: Ayi. Ikwezeni ndi jeke, mumange timizati ta njerwa 6, pa makona anayi ndi tiwiri pakati, chasisi chikhale pamenepo, matayala muchotse. Zimenezi zimathetsa kunjanja, komanso wakuba sangaikoke. Dzimbiri mupale ndi bulashi ya waya, pakani penti yoteteza ku dzimbiri ya red oxide kawiri. Matabwa owola achoke, atsopano apakidwe mankhwala a chiswe, ndipo pasakhale thabwa lokhudza dothi.

Tsopano denga, ndipo apa ndichedwepo. Denga lake ndi lotsetsereka, monga geti la pa mpanda. Mmisiri aliyense wopanga mageti otere ali nazo kale zipangizo. Pamwamba pa makoma awiri aatali gonekani chitsulo chopindika ngati L, angle iron ya mamilimita 40 kwa 40, msana wake uloze kumwamba, ikhale njanji. Njanjizo zipitirire kunja kwa ngolo mtunda wofanana ndi kutalika kwa denga, zitakhala pa mizati iwiri yachitsulo yozikidwa mu konkire. Mawilo ndi a geti aja okhala ndi mpata pakati, awiri mbali iliyonse, atatu ngati denga lapitirira mamita 3. Musanawotcherere kotheratu, gwirizitsani pang'ono chabe, muyeze kuchokera pa kona kufika pa kona yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyezo iwiriyo ifanane. Ikasiyana ndi mamilimita 5 okha, denga lizidzakakamira pakati pa njira, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe mvula idzakudzidzimutseni. Kumapeto kwa njanji wotchererani zotchinga kuti denga lisagwere munthu.

Felemu ya denga ikhale ya square tube yopepuka ndi malata opyapyala, yopendekeka kuti madzi azitsika, ndipo malata atulukire masentimita 15 mbali zonse. Mwana wa zaka 12 azitha kulikankha. Koma denga lopepuka mphepo imalikonda. Mwera kapena kamvuluvulu wa mu Okutobala angalinyamule ngati chipewa, choncho mkati muike zokowera 4, kona iliyonse chimodzi, zomanga denga ku khoma mukatseka.

Mayi: Denga litsetserekere mbali imene yatchingidwa kale ndi nyumba, kapena kuzambwe. Lisapite kumwera. Makoma akhale mita imodzi ndi theka, amateteza ku mphepo ndi kuwala kwa aneba. Koma khoma la kumwera, masentimita 50 a pamwamba akhale pa mahinjesi kuti muzilipinda. Pa madigiri 14, khoma lomwe lili mita imodzi kuchokera pa mzati likangopitirira telesikopu ndi masentimita 25, malo aja amene thambo limazungulira abisika. Ndipo kumwera n'kumene kuli zokoma: nyenyezi za Mtanda, gulu lalikulu la Omega Centauri, ndi timitambo tiwiri ta Magellan. Zina monga Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zimakwera pamwamba, khoma silizivutitsa. Polunjika mount, tengani mzere wautali wa Mtanda, muutalikitse kanayi ndi theka kupyola ku phazi lake. Pamenepo ndi pomwe mukufuna. Pali kanyenyezi ka Sigma Octantis pafupi, koma n'kozilala, m'tauni simungakaone ndi maso.

Woulutsa: Malata amatentha masana. Sizingawononge?

Mayi: Zimasokoneza zedi. Chitsulo chimasunga kutentha n'kumakutulutsa usiku, mpweya wofundawo ukamakwera patsogolo pa galasi, Saturn amaoneka ngati ali pansi pa madzi. Kunja pakani penti yoyera, mkati yakuda yosanyezimira. Boolani mazenera awiri aang'ono, lina mmunsi lina mmwamba, mutseke ndi sefa wa waya kuti mavu asamange. Tsegulani denga ola limodzi musanayambe. Usiku wa Juni ndi Julayi vuto ndi mame: pindani katoni kapena siponji yakuda ikhale ngati paipi yotulukira kutsogolo kwa telesikopu, kutalika kwake kamodzi ndi theka kukula kwa galasi. Galasi likanyowa musapukute, lisiyeni liume lokha musanavindikire.

Bambo: Magetsi, batire ya 12V ya 100Ah ndi sola ya mawati 100 n'zokwanira, ndipo magetsi akazima m'dera, pamene thambo limada bwino, inu ntchito ikupitirira. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire pa waya wofiira. Mawaya adutse m'mapaipi, makoswe amatafuna. Chasisi chilumikizidwe ndi waya wokhuthala ku ndodo ya kopa yokhomedwa m'nthaka, ndipo kukamachita ziphaliwali musakhalemo.

Mayi: Nyale za mkati zikhale zofiira ndi zozilala. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, koma kuwala kwa foni kumafafaniza zonsezo nthawi yomweyo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, magalasi ang'onoang'ono osuzumirapo asungidwe m'nyumba, m'chigubu chotseka bwino chokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, chifukwa chuku chikamera pa galasi chimalidya, sichichoka. Ndipo makolo, chonde, kanyumbaka kazikhala kokhoma masana. Mwana akaloza telesikopu pa dzuwa, diso limapsa pompo ndipo silichira.

Woulutsa: Tidziwa bwanji kuti tamanga bwino?

Mayi: Usiku woyamba lozani nyenyezi yowala, ikani galasi lokulitsa kwambiri, muuze mnzanu ayende mkati mwa ngolo ndi kuponda mwamphamvu. Nyenyezi ikhale chilili. Ikagwedezeka, pali pamene ngolo ikukhudza mzati. Yatsani tochi, yang'anani mpata uja kuzungulira paipi yonse, pansi ndi pamwamba. Kawirikawiri ndi thabwa lomwe lafufuma, kapena waya womangika kwambiri pakati pa mzati ndi khoma. Thabwalo mupale, wayayo mumasule alendewere.